Loko wa pa intaneti asakhale wa ophunzira okha

Uthenga ukachoka pa foni ku Chisepo kupita kwa m'bale ali ku Johannesburg, sufika mwachindunji ayi. Umadutsa pa nsanja za netiweki ndi m'makompyuta ambiri a anthu osawadziwa. Njira yake ndi yomweyo pa pasiwedi yanu ya Facebook, chithunzi cha chiphaso cha unzika chomwe mwatumiza pofunsira ntchito, ngakhalenso malipoti amene azaumoyo a ku Dowa ndi Ntchisi amatumiza ku likulu kudzera pa DHIS2. Zikayenda zosakhoma, aliyense wokhala panjirapo akhoza kusuzumira.

Mankhwala ake ndi encryption. Foni imasokoneza uthengawo usananyamuke, moti woutola panjira amangoona zilembo zopanda mutu. Amauwerenga ndi yekhayo amene ali ndi kiyi.

Nzeruyi si yadzulo. M'chaka cha 1995, Tatu Ylönen wa ku Finland adapanga SSH akuba atatchera msampha wotolera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesite yake. SSH imalola munthu kulowa mu kompyuta yakutali popanda womvetsera. Koma kuti uigwiritse ntchito umayenera kulemba malamulo a Chingerezi pa sikirini yakuda. Munthu wamba angayambire pati?

Zinthu zidasintha pomwe loko adayamba kudzikhoma yekha. Mu 2015 bungwe la Let's Encrypt lidayamba kupereka ulere ziphaso zothandiza kuti masamba a pa intaneti akhale a https. Mu 2016 WhatsApp idakhoma mauthenga onse kuchokera pa foni yotumiza mpaka yolandira. Agogo ogulitsa mtedza pa Mponela sadachite kupita ku semina kuti atetezedwe. Phunziro lake n'loonekeratu: chitetezo chofuna kuti munthu akhale katswiri kaye chimateteza anthu ochepa basi.

Kuno kwathu malamulo alipo. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection la 2024. Koma lamulo limagwira wakuba atabadi kale, silikhoma chitseko.

Choncho tikupempha a MACRA, mabanki, makampani a foni ndi nthambi za boma zinthu zitatu. Choyamba, tsamba kapena apu iliyonse yofunsa dzina, nambala ya chiphaso kapena ndalama ikhale yokhoma kuyambira pachiyambi, osati mpaka munthu akafufuze m'masetingi. Chachiwiri, machenjezo abwere m'Chichewa chomveka. Foni ikalemba "Your connection is not private", ambiri amangodina popitirira chifukwa bandulo ikutha ndipo uthengawo sakuumva. Chachitatu, zonsezi zizigwira ntchito pa foni yotsika mtengo ndi netiweki yodukaduka ya m'mapiri mwathumu. Apu yolemera, yodya bandulo, anthu amaichotsa n'kubwerera ku njira zosakhoma.

Anthu opanga zimenezi sitichita kukawasaka kunja. Ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, achinyamata akhala akuphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta ku TakenoLAB. Luso lotere likufunika kupatsidwa ntchito.

Koma achinyamata, tisanamizane. Loko ngakhale alimbe bwanji, sathandiza mwini nyumba akapereka yekha kiyi. Akathyali ambiri sathyola encryption, amangoimba foni. Amakuuzani kuti mwapambana mphoto kapena ndalama yalowa molakwika, kenako akufuna PIN yanu ya Airtel Money kapena Mpamba. Ena amapempha manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp yakutumizirani. Enanso amati ikani AnyDesk kapena TeamViewer kuti akukonzereni vuto. Mapulogalamu amenewa ndi okhoma bwinobwino, koma mukamulola munthu kulowa, amaona zonse zili pa sikirini yanu. Dziwaninso kuti https imangotanthauza kuti njira ndi yokhoma, osati kuti mwini tsambalo ndi wachilungamo.

Pomwe tikudikira akuluakuluwo, chitani mbali yanu lero lomwe. Yatsani two-step verification pa WhatsApp. Musatumize PIN kapena pasiwedi pa SMS, chifukwa SMS ilibe loko wotere. Mukapita kumudzi, khalani pansi ndi amayi, abambo ndi agogo, muwaikire zimenezi m'foni mwawo ndipo muwauze mawu amodzi okha: PIN sauza munthu, olo atati akuimba kuchokera ku kampani.