Kodi mlimi apindulanji ndi majumbo a chinangwa?

Aliyense amene anasendapo mbuzi yodya kumsika akudziwa zimene timapeza m'chifu mwake: majumbo opiringizana, ena akuda, ena abuluu. Mbuzi yotere imadya koma osanenepa, mimba imangotupa, mapeto ake mwini wake amaigulitsa motchipa isanamufere m'khola. Kumunda nako khasu limafukula machubu a mbande amene tinataya zaka khumi zapitazo, ali bwinobwino ngati adzulo.

N'chifukwa chake ife alimi tinaliona kuti ndi lathu lamulo la chaka cha 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Makampani ena anathamangira kukhoti. Khoti la Supreme linagamula mokomera lamuloli m'chaka cha 2019, koma ziletso zinapitirira mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene Khoti Lalikulu linakana dandaulo lawo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondoyi, anaiyamba ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo.

Komabe mayi wogulitsa tomato pa Lizulu akufunikabe choikamo katundu wake. Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya pulasitiki wowola, ndipo tikufuna alimi anzathu aimvetse bwino, chifukwa zipangizo zake zambiri zimachokera m'munda.

Mitundu yodziwika ndi itatu. Pali PLA, amene amapangidwa kuchokera ku shuga wa chimanga kapena nzimbe. Kampani ya NatureWorks yakhala ikumupanga ku Blair, Nebraska, m'dziko la America kuyambira 2002, ndipo fakitale ina yaikulu inatsegulidwa ku Rayong m'dziko la Thailand mu 2018. Pali PBAT, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka koma wotha kuwola. Ndiye pali sitachi wa chinangwa, chimanga kapena mbatatesi. Palibe mwa atatuwa amene angapange jumbo yabwino payekha. PLA ndi wolimba koma sachedwa kuthetheka. PBAT ndi wofewa, wotamuka, koma wokwera mtengo. Sitachi ndi wotchipa, koma amamwa chinyezi ndipo akauma amaphwanyika ngati chikhoto cha nsima. Akatswiri amawasakaniza kuti aliyense aphimbe chofooka cha mnzake, monga imachitira kampani ya Novamont ya ku Italy ndi majumbo ake a Mater-Bi.

Vuto n'lakuti sitachi amakonda madzi pamene mapulasitiki enawo amadana nawo, choncho osakanizawo sagwirana, ngati madzi ndi mafuta mumphika. Zimene zimawagwirizanitsa ndi zinanso za m'munda. Gilisalini, yemwe uja amayi amadzola nyengo yozizira, amatsala popanga sopo kapena dizilo kuchokera ku mafuta a mbewu, ndipo akamuthira mu sitachi pamoto, sitachiyo amafewa n'kumatamuka. Mafuta a soya okonzedwa mwapadera amachepetsa kuthetheka kwa PLA. Mafuta a nsatsi, amene ambiri timangoisiya m'mabwinja, amagwiranso ntchito yofewetsa, chimodzimodzi mafuta otuluka m'zikamba za mbibu zimene anzathu a ku Nampula amalima kwambiri. Asidi wa mtundu wa m'mandimu amathandiza kuti sitachi agwirane ndi pulasitiki. Ulusi wa khonje, mankhusu a mpunga ndi zotsalira za nzimbe zikafinyidwa zimalimbitsa mbale ndi miphika ya mbande. Werengani bwino mndandandawu: palibe mbewu yachilendo kwa ife.

Ndiye funso lathu ndi ili. Fakitale yoyamba ikadzayamba kupanga majumbo owola kuno, sitachi wake adzachokera ku Nkhotakota kapena adzabwera m'makontena kuchokera ku Thailand, dziko lotsogola pogulitsa sitachi wa chinangwa kunja? Tikapanda kulankhula lero, tidzangokhala ogula basi.

Chinangwa chili ndi khalidwe limodzi limene limamufooketsa mlimi pamsika. Ukachikumba, pakangotha masiku awiri kapena atatu chimayamba kuda mkati. Venda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadikira kuti mulu ukhale pamsewu kaye, kenako n'kutchula mtengo wake. Sitachi wouma bwino amasungika miyezi yambiri. Choncho phindu lili pa makina okhutira chinangwa ndi malo oumitsira, ndipo zimenezi ziyenera kukhala m'manja mwa makopaletivi, pafupi ndi minda. Tikupempha boma kuti ngongole za makina otere zifike kwa magulu a alimi, ndiponso kuti kampani iliyonse yolandira chithandizo cha msonkho pa ntchitoyi izisainirana ndi alimi mgwirizano wa mtengo asanadzale.

Sitikubisa mantha athu. Ku Nkhata Bay, Karonga ndi Nkhotakota chinangwa ndi kondowole, ndipo m'zaka za njala monga 2002 ndi 2024 ndicho chinagwira mabanja ambiri chimanga chitakanika. Sitingalole kuti chakudya cha ana chisanduke jumbo yonyamulira chipisi. Chinangwa cha fakitale chikhale choonjezera, cholimidwa pa mgwirizano, ndipo akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda atiuze mitundu ya sitachi wambiri yoyenera dera lililonse. Chimanga ndiye chisakhudzidwe n'komwe. Mankhusu a mpunga a ku Karonga ndi ku Lifuwu, amene amangotenthedwa kuseri kwa zigayo, akhale oyamba kuyesedwa.

China n'chinyengo. Sikuti jumbo iliyonse yolembedwa kuti imawola ingawoledi m'munda mwathu. PLA amafuna kompositi ya fakitale yotentha pafupifupi madigiri 58. M'dimba akhoza kukhala zaka osasintha. Palinso pulasitiki wamba wothiridwa mankhwala oti azingophwanyika tizidutswa ting'onoting'ono, amene mayiko a European Union analetsa kuyambira 2021. Ngakhale kuthira sitachi pang'ono mu pulasitiki wamba sikuthandiza: sitachiyo amawola, pulasitikiyo n'kutsala m'nthaka ngati fumbi, pomwe sitingathenso kumutola. Ku Ulaya, kuyambira 2018, pepala lophimbira nthaka limayenera kuwola magawo 90 pa 100 alionse pasanathe zaka ziwiri kuti lilandire chiphaso.

Tikupempha a Malawi Bureau of Standards akhazikitse muyezo wotere, ndipo poyesa asadalire zikalata zochokera kunja zokha. Akwirire majumbowo m'katondo wa ku Lilongwe, m'mchenga wa kunyanja ndi m'makande a ku Chikwawa, alimi tikuonerera, kenako tidzafukule limodzi mvula ikatha.