Ulendo wa ku Kazakhstan: zofunika kulingalira nthumwi zisanakwere ndege

Dzina la dziko la Kazakhstan silachilendo m'mafailo a ku Capital Hill ngakhale ndi Amalawi owerengeka okha amene adapondako. Ogwira ntchito zaumoyo amadziwa mgwirizano wa Alma-Ata wa m'chaka cha 1978, womwe udatsindika zoti chithandizo chaumoyo chizifika kumudzi, pomwe a zamalonda ndi zamtengatenga amakumbukira ndondomeko ya Almaty ya m'chaka cha 2003 yokhudza maiko omwe alibe doko la panyanja yamchere. Alma-Ata ndi Almaty ndi mzinda umodzi womwewo, dzina lokha ndilo lidasintha.

Choncho kalata yoitanira nthumwi kumsonkhano kapena kumaphunziro m'dzikolo ikafika pa desiki, funso loyamba lisakhale la alawansi. Ulendowu ndi wautali ndipo umadya ndalama zakunja, zomwe kusowa kwake kudachititsa boma kuimitsa maulendo akunja a akuluakulu ake mu Novembala 2023. Wopita kumeneko ayenera kudziwa chimene akukatenga.

Choyamba ndi kutsimikiza mzinda. Likulu la dzikolo lidasamuka kuchoka ku Almaty kupita kumpoto m'chaka cha 1997, ndipo mzinda watsopanowo udatchedwa Astana m'chaka cha 1998. M'chaka cha 2019 adausintha dzina kukhala Nur-Sultan polemekeza mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Nursultan Nazarbayev, koma mu Sepitembala 2022 dzina la Astana lidabwereranso. Maunduna ali ku Astana, pomwe mabanki ndi malonda ambiri adatsalira ku Almaty. Pakati pa mizinda iwiriyi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200 pamsewu, kotero kulakwitsa tikiti si nkhani yokonza ndi takisi. Dzikolo ndi lachisanu ndi chinayi pakukula padziko lonse, moti Malawi angalowemo ka 23, chikhalirecho chiwerengero cha anthu ake chidangokwana 20 miliyoni m'chaka cha 2023.

Ku Lilongwe kulibe ofesi ya kazembe wa Kazakhstan, ndipo dziko lino nalo lilibe kazembe ku Astana. Maofesi a dzikolo omwe ali pafupi ndi monga ya ku Pretoria ndi ya ku Addis Ababa. Mmalawi wa pasipoti wamba amafunika viza, ndipo ntchito yoipeza imayambira pa kalata ya amene akumuitana, kotero ndi bwino kuiyamba masabata angapo tsiku la ulendo lisanafike. Mlendo akafika, hotelo kapena womulandira amayenera kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka pasanathe masiku atatu ogwira ntchito.

Palibe ndege yochoka kuno molunjika kumeneko. Wapaulendo amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenaka n'kusinthanso ku Dubai, Doha kapena Istanbul. Kuyambira pa 1 Marichi 2024 dziko lonselo likutsata nthawi imodzi, yomwe ili patsogolo ndi maola atatu poyerekeza ndi ya kuno. Ndalama yawo ndi tenge, ndipo zikwangwani zambiri n'zolembedwa m'Chikazakh ndi m'Chirasha, m'zilembo zomwe wophunzira kuno sangathe kuziwerenga.

Nkhani ya nyengo siyofunika kuipeputsa. Astana ndi limodzi mwa malikulu ozizira kwambiri padziko lapansi, ndipo m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale chisanu chimatha kufika madigiri 30 pansi pa ziro. Juzi imene imathandiza ku Dedza mwezi wa Juni kumeneko ili ngati shati wamba. Ngati pali mwayi wosankha, miyezi ya Meyi, Juni ndi Sepitembala ndiyo yabwino. Kuyambira pa 21 mpaka 23 Marichi maofesi amatseka kaamba ka chikondwerero cha Nauryz.

Nanga nthumwi ikakaone chiyani? Apa ndi pamene pagona phindu la ulendowu. Kazakhstan ndiye wamkulu mwa maiko onse opanda doko la panyanja yamchere, ndipo ali m'gulu limodzi ndi Malawi la maiko 32 ongotukuka kumene a mtundu wotere. Vuto lake ndi lomwe ife timalidziwa: katundu amatuluka kudzera kwa mnansi. Mafuta ake ambiri, pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse ogulitsidwa kunja, amayenda m'paipi yothera pa doko la Novorossiysk m'dziko la Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka m'chaka cha 2022, paipiyi idasokonezeka kangapo. Amene adagwira ntchito m'boma m'zaka za m'ma 1980 sangadabwe nazo, poti nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wa dziko lino ankazungulira ku Durban ndi Dar es Salaam pamtengo wokwera zedi.

Chimene Akazakh achita ndi kuchulukitsa njira. Kumalire ndi China adamanga doko la pamtunda la Khorgos, komwe makontena amasamutsidwa kuchoka pasitima ina kupita pa ina chifukwa njanji za maiko awiriwa n'zosiyana m'lifupi. Kumadzulo akulimbikitsa doko la Aktau pa nyanja ya Caspian, lomwe limatumiza katundu ku Baku, kenaka ku Georgia ndi Turkey osadzera ku Russia. Njirayi ikadali yaing'ono ndiponso yodula poyerekeza ndi yakale, ndipo nthumwi yanzeru ikafunse za mitengo ndi masiku amene katundu amakhala pamalire, osangojambula zithunzi za nyumba zazitali za ku Astana. Mayankho a mafunso otere ndiwo angathandize pokambirana za njanji ya ku Nacala.

Nkhani ina ndi ya miyala ya uranium. Kuyambira m'chaka cha 2009 Kazakhstan wakhala akutsogola pokumba miyalayi, ndipo amatulutsa pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a padziko lonse kudzera ku kampani ya boma ya Kazatomprom ndi anzake. M'chaka chomwecho ndi pamene mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga udatsegulidwa, usanaime m'chaka cha 2014 mitengo itagwa, n'kudzayambiranso m'chaka cha 2025. Kakumbidwe n'kosiyana, pakuti kumeneko amasungunula miyalayo pansi pomwepo n'kuipopa, koma za gawo la boma m'migodi komanso za thumba losungira ndalama za mafuta lomwe adakhazikitsa m'chaka cha 2000, pali zambiri zoti a zamigodi ndi a zachuma angakafunse. Akumbukirenso kuti nkhani ya nyukiliya imawawa kwa eni dziko. Ku Semipalatinsk boma la Soviet Union lidaphulitsa mabomba oyesera okwana 456 pakati pa 1949 ndi 1989, ndipo malowo adatsekedwa pa 29 Ogasiti 1991.

Pankhani ya bata, dzikolo lidagwedezeka mu Januwale 2022 pamene zionetsero zodandaula kukwera mtengo kwa gasi wa galimoto zidafalikira kuchokera ku Zhanaozen mpaka ku Almaty. Boma la Pulezidenti Kassym-Jomart Tokayev lidati anthu 238 adafa, ndipo intaneti idazimitsidwa kwa masiku angapo. Zinthu zidabwerera m'chimake, komabe poti kulibe kazembe wathu, nthumwi isiye ndondomeko ya ulendo wake ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja, ndipo ikhale ndi ndalama zina m'manja.

Patsala za patebulo. Akazakh ndi ana a abusa oyendayenda ndi ziweto, ndipo mlendo amamulandira ndi beshbarmak, nyama yowiritsa ya hatchi kapena ya nkhosa, pamodzi ndi kumys, mkaka wosasa wa hatchi. Wolemekezeka kwambiri pagulu amapatsidwa mutu wa nkhosa kuti agawire anzake, ndipo kawirikawiri ameneyu amakhala mtsogoleri wa nthumwi. Ndi bwino kumuuziratu akadali ku Lilongwe.