Freddy, chilala ndi tanthauzo la kuyedzamira kwa Allah

Pa 13 March 2023, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma khumi a m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo Mwanza, ali pa ngozi chifukwa cha namondwe Freddy. Anthu mazanamazana anamwalira, ambiri anasowa pokhala, ndipo mwezi wa Ramadan unatipeza misozi isanaume. Patangotha chaka, chilala cha El Niño chinawotcha minda, boma n'kulengezanso ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mlimi wa ku Mwanza, amene amadalira chimanga ndi manachesi, ali ndi chifukwa chofunsira kuti chiyembekezo chili kuti.

Poyankha, ena mwa ife timathamangira kunena kuti ovutikawo akulangidwa chifukwa cha machimo awo. Mawu amenewa ndi olemera, pakuti zobisika amazidziwa ndi Allah yekha. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) anaika m'manda ana ake onse kupatula Fatimah, pamene iye anali wokondedwa koposa zolengedwa zonse. Choncho mayeso sasonyeza kuti Allah wamtaya munthu. Wokhulupirira amaloledwa kulira. Chimene chimaletsedwa ndi kutaya mtima pa chifundo cha Mlengi.

Ena amati zonse n'chikonzero cha Allah, n'kupinda manja. Kumenekonso ndi kusamvetsa tawakkul. Mneneri Yusuf (AS) atadziwa kuti kukubwera zaka zisanu ndi ziwiri za njala, anasunga chakudya m'zaka za zokolola zochuluka. Njala itagwa ku Madina m'nthawi ya Khalifa Umar (RA), iye anatsogolera Swala yopempha mvula, komanso analembera akazembe ake kuti atumize chakudya. Dua ndi ntchito zinayendera limodzi.

Apa m'pamene Mwanza ikutiphunzitsa. Matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre akuchokera m'mapiri amene atsala pambalambanda, ndipo phiri lopanda mitengo silingagwire madzi a mvula yamkuntho. Wowotcha makala amatero chifukwa cha umphawi, wogula ndife. Mabanja a m'mbali mwa nyanja akudziwa zofanana ndi zimenezi, popeza mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi.

Tsono chiyembekezo chathu chikhale ndi manja. Mizikiti yathu isonkhanitse Zakaat ndi sadaka mwadongosolo, ndi kufikira amasiye ndi ana amasiye mvula isanayambe. Madrasa aliyonse akhale ndi nazale ya mitengo. Masheikh pa Jumu'ah alimbikitse anthu kumvera machenjezo a zanyengo ndi kusamuka m'malo angozi. Thandizo lisasankhe chipembedzo, pakuti madzi osefukira sanasankhe.

Tikachita mbali yathu, zotsatira tizisiye m'manja mwa Allah ndi mtima wodekha. Iye awachitire chifundo amene anatisiya, ndipo atipatse kupirira ife otsala. Ameen.