Ma binoculars a "60x60"? Yesani kaye musanapereke ndalama

Nc'wala ili pafupi, ndipo ndikudziwa zimene ena mwa imwe mukuganiza. Loweruka lomaliza la February mudzakhala ku Mtenguleni, kumbuyo kwa chinamtindi cha anthu. Inkosi ya Makhosi Mpezeni ili uko, impi zikuponda ngoma, ng'ombe yakuda ikulasidwa, imwe mukuona chabe mitu ya anzanu ndi mafoni ali m'mwamba. Zoom ya foni nayo ikupatsani phala. Ndiye munthu akakuonetsani ma binoculars atsopano pa Mwami kapena m'shopu mu Chipata, ali m'bokosi lonyezimira, mtima upita. Gulani, palibe mlandu. Koma ndalama ya rent siyenera kuthera pa chinthu chimene chidzakupwetekani mutu pakangotha mphindi zisanu.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa ndi pamene ambiri amadyeredwa. Pakalembedwa 8x42, ile 8 itanthauza kuti munthu ali pa mamita 80 adzaoneka monga ali pa mamita 10. Ile 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, khomo lolowera kuwala. Manje wogulitsa adzakuuzani ati tengani ya 20x50, olo ya 60x60, "iyi ni yamphamvu, boss". Chimene sadzakamba n'chakuti chinthu chikakula ka 20, kunjenjemera kwa manja anu nakonso kumakula ka 20. Kupitirira 10 kapena 12, pafunika poikapo ya miyendo itatu. Komanso malo amene muona amachepa. Yesani kutsatira mpira pa David Kaunda Stadium ndi 20x: mudzaona bwino nsapato ya goalkeeper, chigoli mudzachimvera kwa anzanu.

Nthawi zambiri manambala aakuluwo ndi bodza chabe, ndipo mungaligwire muli pompo. Tengani nambala yachiwiri, gawani ndi yoyamba. 42 kugawa ndi 8 ndi 5 ndi kanthu. Kenaka gwirani ma binoculars patali ndi nkhope, mkono wotambasula, muwalozetse kumene kuli kowala koma osati ku dzuwa. M'tumagalasi ta kumaso muona kadontho ka kuwala. Kukula kwake kuyenera kufanana ndi yankho lija, m'mamilimita. Ya 60x60 yeniyeni ingakhale ndi kadontho ka milimita 1, ngati kabowo ka singano. Ngati mukuona dontho lalikulu ngati nyemba, bokosi lanama. Dontho lomwelo likuuzaninso za madzulo. Masana kamboni ka diso lanu kamakhala mamilimita 2 kapena 3, choncho ka 10x25 ka m'thumba kaoneka bwino. Dzuwa likapendeka, kamboni kamatseguka kufika 5 mpaka 7, ndipo kaja ka m'thumba kamada bii pamene 8x42 ikali kuonetsa. Yang'ananinso maonekedwe a donthoyo. Lozungulira bwino ndi chizindikiro cha magalasi am'kati abwino, aja amalemba BaK-4. Likaoneka ngati ladulidwa m'mbali kukhala la makona anayi, ndi otsikirapo, a BK-7.

Za aja a magalasi ofiira ngati maso a munthu wa kachasu, olembedwa "day and night", sindikhalitsapo. Utoto wofiirawo umabweza mbali ina ya kuwala, ndiye dziko lonse limaoneka lobiriwira ngati muli pansi pa madzi. Usiku saona chilichonse. Ndi okongola pa selfie, basi.

Osayesera m'kati mwa shopu. Pemphani mutuluke nawo pakhomo, ndipo wogulitsa akakana, yankho mwalipeza kale. Sakani chikwangwani chili patali, muwerenge tumalemba tating'ono tapansi. Ikani malembawo pakati, kenaka asuntheni apite m'mphepete. Kufufuma pang'ono m'mphepete kulibe vuto, olo okwera mtengo amatero. Koma ngati theka la chithunzi ndi nkhungu, bwezani. Lozaninso pa pholo ya magetsi ndi mawaya ake. Mukaona mzere wofiirira kapena wobiriwira ukutsata m'mbali mwa pholo ngati utawaleza, magalasiwo ndi ofooka. Ngati muli pa Mwami penipeni, tembenukirani kumapiri. Pa boda yatsopano ija, imene a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula mu December 2022, pali maofesi a boma ndi achitetezo, ndipo munthu wolozetsa magalasi kumeneko adzafunsidwa mafunso amene sanakonzekere.

Manje nkhani yaikulu, imene bokosi sililemba: maso anu akumva bwanji. Pindani pakati mpaka mabwalo awiri aja akumane akhale limodzi. Zija za mabwalo awiri ogundana ndi za m'mafilimu. Kenaka tsekani galasi lakumanja ndi chikhato, zungulizani gudumu lapakati mpaka diso lakumanzere lione mbee. Sinthani, tsekani lakumanzere, ndipo gudumu lapakati musalikhudzenso. Zungulizani kamphete kali pa galasi lakumanja mpaka nakonso kuyere. Kamphete aka kalipo chifukwa maso a munthu mmodzi kawirikawiri salingana mphamvu. Anthu maningi amati ma binoculars ndi oipa pamene sanakagwirepo n'komwe.

Mukachita zonsezi koma mukumvabe ngati maso akukokedwa, kapena munthu mmodzi akuoneka awiri, vuto lili m'kati. Mapaipi awiriwo ayenera kuloza pamalo amodzi ndendende. Akagwa pansi, kapena akagwedezeka m'katoni ulendo wonse wa pa thiraki, limodzi limapotoka pang'ono. Ubongo wanu umalimbana kulumikiza zithunzi ziwirizo, ndipo kulimbana kumeneko ndiye mutu uja ndi mseru. Choipa n'chakuti pa masekondi khumi simungazindikire. Khalani nawo pamaso mphindi ziwiri kapena zitatu, wogulitsa adandaule zake. Mukachotsa, maso ayenera kubwerera mwakale nthawi yomweyo. Njira ina: lozani pa waya wa magetsi wopingasa, muwachotse pang'onopang'ono kumaso mukali kuyang'ana. Waya wa kumanzere ndi wa kumanja akhale pa mzere umodzi. Wina akakwera wina n'kutsika, asiyeni. Mnyamata wokonza mafoni sangakonze izi, olo alumbire.

Ovala magalasi a maso, yesani mutavala. Pindani kapena zungulizani tumphira ta kumaso titsike. Ngati mukuona ngati mukusuzumira pa paipi ya madzi, mufunika ena. Sakani olembedwa kuti diso lingakhale pa mamilimita 15 kapena kuposa.

Kulemera nako musakupeputse. Ya 10x50 m'shopu imamveka yamphamvu m'manja, koma ikalendewera pakhosi ndi kachingwe kowonda kuchokera m'mawa mpaka 15 hours, mudzaipatsa mwana anyamule. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Kukalira kanthu m'kati, ayi. Suzumirani kuchokera kutsogolo muone ngati muli fumbi kapena tumizere ngati ukonde wa kangaude. Kumbukirani kuti Nc'wala imagwa m'nyengo ya mvula, ndipo yosatsekedwa bwino imachita nthunzi m'kati. Ku Kulamba, ku Mkaika mu August, mdani ndi fumbi. Osapukuta ndi T-shirt. Uzirani kaye fumbi lichoke, kenaka kansalu kofewa.

Ine ndikanati tengani 8x42, kapena 8x32 ngati mufuna yopepuka. Ikwanira mpira, ikwanira show, ikwanira Mtenguleni. Tsiku limene gulu la kuntchito lidzasonkha za minibasi ya ku Mfuwe, idzagwirabe ntchito: South Luangwa ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, ndi nyamalikiti za Thornicroft zimene kwina kulikonse padziko simungazipeze m'tchire. Nikon kapena Bushnell yakale yosagwa imaposa yatsopano yopanda dzina, koma dzina pa bokosi amadinda aliyense, ndiye yesani chimodzimodzi.

Osaloza ku dzuwa olo kamphindi, ndipo ana a m'nyumba muwauze musanawapatse, chifukwa diso limapsa ndipo silibwerera. Ngati ma binoculars apambana mayeso onse koma maso akuwawabe, pitani akakupimeni. Ku Mwami Adventist Hospital kuli mbali yoona za maso, pafupi pompano. Ndipo imwe a m'komboni, bafa ya aneba yopanda denga si South Luangwa. Akakugwirani, chairman sadzafunsa ngati inali 8x42.