Mtedza Usasenze Mlandu wa Chithokomiro

Funso lakuti kodi mtedza umatupitsa khosi lili ndi pochokera, ndipo mlangizi sayenera kuliseka. M'chaka cha 1957 akatswiri a ku India anadyetsa makoswe mtedza wambiri, naona kuti chithokomiro chawo chinakula. Chinthu chochititsa zimenezi anachipeza m'khungu lofiira lija lokuta njere. Popeza CG 7, yemwe anzathu a ku Zambia amamutcha MGV 4, ndi wa khungu lofiira, nkhaniyi ingathe kuwopsa alimi ambiri.

Ine ndikuti tisawopseze anthu. Makoswe aja anali m'khola, ndipo ankadya zimene apatsidwa basi. Mayi wotendera chisoso ndi nsinjiro zodzaza dzanja limodzi sali pa muyeso umenewo. Gwero lalikulu la chithokomiro chotupa m'chigawo chathu chino ndi kuchepa kwa ayodini m'zakudya, makamaka kumapiri ndi kumadera akutali ndi nyanja ya mchere kumene nthaka inakokoloka. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera 250. Akaperewera, chithokomiro chimakula pofuna kukola ayodini wochepa yemwe alipo, ndipo mwana wobadwa kwa mayi wotere angathe kukhala wofooka nzeru moyo wake wonse.

Ngati pali mbewu yofunika kuiyang'anitsitsa, ndi chinangwa chowawa. Chikapanda kuviikidwa mokwanira, ululu wake umasanduka m'thupi n'kuyamba kutsekereza ayodini kuti asalowe m'chithokomiro, monga zinaonekera ku Ubangi m'dziko la Congo. Masiku a njala, pamene mabanja amavuula chinangwa chisanafewe, ndiwo masiku oopsa.

Tsono tikamachezera alimi, tifunse mchere umene akugula. Wa m'matumba osalembedwa kanthu, wogulitsidwa pambale m'misika ya m'malire, kawirikawiri palibe angatsimikize kuti uli ndi ayodini. Wogula kusitolo usungidwe m'chotengera chotseka, kutali ndi chinyezi ndi moto.

Kumuletsa mtedza mwana wa kumudzi ndiko kumulanda mafuta ndi chakudya chomanga thupi chimene makolo ake angathe kulima okha. Choopsa chenicheni mu mtedza ndi chuku, chomwe chimawononga chiwindi, ndipo chimenecho tichithetse poumitsa bwino ndi kusankha njere zowola. Amene khosi latupa kale timutumize kuchipatala akamuyeze.