Boma si Ahabu, ndipo mapakiwo si munda wa Naboti

Kwamveka kuyambira kale, ndipo kukumvekabe m'dziko la America, kuti boma likamagula timalo ta anthu timene tinatsalira mkati mwa malire a mapaki a dziko monga Zion, Yosemite ndi Grand Teton, likutsata mapazi a mfumu Ahabu yemwe anasirira munda wamphesa wa Naboti. Akuti mwini malo, pokhala chikalata chake chili m'manja, amangepo chimene mtima wake wakhumba, kaya nyumba yosanja kaya hotela, wina asatsokomole n'komwe. Mawuwa sitiwapeputsa, pakuti ali ndi pogwira: m'zaka za m'ma 1930 mabanja mazanamazana anasamutsidwa m'mapiri a ku Virginia kuti pakhale paki ya Shenandoah, ndipo chilonda chimenecho zidzukulu zawo zikuchikandabe.

Komatu wowerenga Malembo mofatsa akumbukira kuti Ahabu sanachimwe popempha kugula. Anachimwa polanda atakanidwa. Masiku ano malo ochuluka otere amagulidwa kwa eni amene afuna okha kugulitsa, ndipo wokana amasiyidwa pamalo pake. Ndalama zake, zimene otsutsa amati ndi thukuta la okhoma msonkho, zimachokera makamaka m'thumba la Land and Water Conservation Fund lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, limene limadzazidwa ndi zimene makampani amalipira pokumba mafuta ndi gasi pansi pa nyanja. Ndipo lamulo la mu 2020 linatsimikiza kuti thumbali lizilandira madola 900 miliyoni chaka ndi chaka. Enanso amangopereka mwaulere, monga anachitira Laurance Rockefeller ndi famu yake ya JY, maekala oposa 1,100 mkati mwa Grand Teton.

Chimene onena za ufulu wa mwini malo safuna kuchitchula n'chakuti nyumba simera yokha ngati bowa. Imadza ndi msewu, mapolo a magetsi, mipope ya madzi, mpanda wodula njira imene nyama zakhala zikudutsamo chiyambire makolo awo, ndi nyali zowala usiku wonse pamalo pamene anthu amayendera mitunda italiitali kuti akaone nyenyezi; ndipo moto wolusa ukabuka m'nkhalango, ozimitsa moto amene amalipidwa ndi dziko lonse amayamba athamangira kukateteza khonde la munthu mmodzi.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ku Gettysburg, pamalo pomwe panamenyedwa nkhondo yoopsa mu 1863, wamalonda wina anamanga pamalo amene sanali a boma nsanja yachitsulo yotalika mafiti 307, naitsegula mu 1974, kuti alendo azilipira pokwera kukaona bwalo pomwe panafera anthu zikwizikwi. Anthu anadandaula, milandu inazengedwa, koma nsanjayo inaimabe, ikuoneka pamwamba pa manda a asilikali ngati chiwombankhanga choyembekezera. Pomaliza boma linachita chomwecho chimene otsutsa amachiopa, kutenga malowo mwa mphamvu ya lamulo ndi kulipira eni ake monga malamulo aakulu a dzikolo afunira, pamene likadawagula mwamtendere pasanaikidwe chitsulo n'chimodzi chomwe. Nsanjayo inagwetsedwa ndi mabomba pa 3 July 2000, itaima zaka 26, khamu la anthu likuonerera.