NZERU ZA M'MANJA: Muvi ukagona, makina sanafe

Mtsikana wina wa ku Domue amene amagwira ntchito m'nyumba mu mzinda wa Tete anatsala pang'ono kutaya malipiro a mwezi wathunthu chifukwa cha kanthu kochepa ngati chivindikiro cha botolo. M'nyumbamo muli makina ophikira khofi wa espresso, uja amamwera m'timakapu ting'onoting'ono, amene Apwitikizi a ku Lisboa amamutcha bica. Tsiku lina m'mawa muvi wa kawotchi ka pamakinawo unakana kudzuka. Unangogona pa 0. Adona ake sanafunse zambiri, anangoti waononga ndiwe, ndipo mtengo wake uchoka pa malipiro ako.

Mtsikanayo anaoloka mlatho wa Zambezi kukadandaula kwa amalume ake ku Matundo, amene amamata matayala ndi kukonza nyale za Petromax.

"Malume, andidula ndalama. Akuti ndapha makina."

"Khofiyo akutuluka kapena ayi?"

"Akutuluka bwinobwino, malume, ndi thovu lake lomwe."

"Ndiye pukuta misozi, mwana iwe. Makina ali moyo. Chadwala ndi kawotchiko."

Amalumewo sanaphunzire za khofi, koma kawotchi kotere amakadziwa. Amakaniko amakatcha manómetro. Kali pa kompresa yopopera matayala, kali pa botolo la gasi la owotcherera zitsulo, kalinso pa thanki ya Petromax. Ntchito yake ndi imodzi: kuonetsa mphamvu imene mpweya kapena madzi akukankhira m'kati. M'mimba mwake muli kapaipi kophwatalala kopindika ngati chikwakwa. Mphamvu ikalowa, kapaipiko kamafuna kuongoka, ndipo pakuongokapo kamakoka timano timene timayendetsa muvi. Anayambitsa nzeruyi ndi Mfalansa wina, Eugène Bourdon, m'chaka cha 1849, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni.

Makina a espresso kwawo ndi ku Italy. Angelo Moriondo wa ku Torino analembetsa oyamba mu 1884, ndipo mu 1961 kampani ya Faema inatulutsa makina otchuka a E61, okankha madzi ndi pampu ya magetsi. Khofi ameneyu amafuna madzi otentha madigiri 90 kapena kupitirira pang'ono, okankhidwa ndi mphamvu ya mabala 9, kudutsa mu ufa wa khofi wotsendereza kwa masekondi 25 mpaka 30. Tayala la galimoto laling'ono limapopedwa mabala awiri kapena kuposera pang'ono. Choncho kabokosi kokhala phee pa tebulo kali ndi mphamvu yoposa tayala pafupifupi kanayi. Si chinthu chotsegula mwachibwana.

Loweruka amalumewo anapita kunyumbako, napempha chilolezo kwa eni ake, pakuti katundu wa mwini satsegula mobisa. Asanagwire sipanala anayamba ayatsa makina, kumvetsera ndi kuwerenga. Pampu inalira monga mwa masiku onse. Khofi anatsika ngati uchi, nadzaza kakapu m'nthawi yake. Apa mlandu unatha: madzi opanda mphamvu sakanadutsa mu ufa wotsenderezawo chotero. Mphamvu inalipo, koma uthenga wake sunali kufika kwa muvi.

Chimene chimatseka njira kawirikawiri ndi njereza ya m'madzi, zoyera zija zimamatira pansi pa ketulo yakale. Kuchokera pa makina kupita ku kawotchi pamayenda kapaipi ka mkuwa, kabowo kake kochepa ngati ka singano. Kanjereza kochepa ngati kambewu ka mchenga kakwanira kukatseka.

Anachita motere. Anazula chingwe cha magetsi kukhoma, osangozimitsa pa batani. Anadikira kufikira chitsulo chitazizira ndithu, natsegula kampopi ka nthunzi kuti mphamvu yotsala ituluke, nachotsa thanki ya madzi. Atatero ndi pamene anamasula chivindikiro. Pomasula nati ya kapaipi anagwiritsa masipanala awiri, ina yogwira ina yotembenuza, chifukwa mkuwa ndi wofewa, ukapotoka umasweka. Kapaipiko anakaviika m'madzi ofunda osungunuliramo ufa wa asidi wa mandimu. Vinagre amagwiranso ntchitoyi ngati ufawo palibe, koma asidi wa m'batire ya galimoto ndiye ayi, amadya chitsulo ndi khungu lomwe. Kawotchi kenikeniko sanakaviike. Patapita kanthawi anatsuka kapaipi ndi madzi oyera, nauzira mpweya mpaka unatulukira mbali ina. Anabwezera zonse m'malo mwake, namanga nati mosapyola muyeso, napukuta paliponse panadontha madzi, natseka chivindikiro, kenaka n'kulumikiza magetsi.

Muvi unadzuka, nukaima pa 9.

Koma si nthenda zonse za kawotchi zimene zimachira chotero, ndipo wantchito aliyense azidziwe kuti asanamiziridwe. Muvi ukamanjenjemera pang'ono pamene pampu ikulira, palibe choopsa, mapampu ang'onoang'ono a m'nyumba amakankha modukizadukiza. Muvi ukakana kubwerera pa 0 makina atazizira ndipo mphamvu yonse yatulutsidwa, ndiye kuti kachikwakwa kam'kati kanapindika mopitirira. Galasi likachita nkhungu kapena madzi akaoneka m'kati, kabooka. Pawiri ponsepa mankhwala ake ndi kugula kena. Kukhotetsa muvi ndi chala kuti uloze pabwino ndi kudzinamiza. Pokagula, munthu anyamule kakaleko, kuti manambala ndi mazinga a nati afanane.

Palinso chenjezo lalikulu. Makina ena ali ndi mawotchi awiri. Kachiwiriko ndi ka thanki ya nthunzi, ndipo muvi wake umakhala pakati pa 1 ndi 1,5. Umenewo ukamakwerabe osaima, ndipo kavavu koteteza kakayamba kulira ngati njoka, wolakwa si kawotchi. Chimene chimadula moto chafa. Pamenepo palibe kuyesayesa: kuzula chingwe, kutalikira, kuitana makaniko. Nthunzi imasupula khungu kuposa madzi owira.

Phunziro limeneli silithera m'khitchini za mu mzinda. Ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Zóbuè kapena ku Furancungo, wopopa Petromax amene amapitiriza kupopa chifukwa muvi sukuyenda akuika nkhope yake pafupi ndi parafini wopanikizika. Womata matayala amene kawotchi ka kompresa yake kanafa kalekale, iye n'kumangoyesa ndi chibakera, akuseweretsa moyo wake ndi wa okwera galimotoyo. Muvi ukagona, funso loyamba likhale lakuti: kodi mphamvu kulibedi, kapena njira ndiyo yatsekeka? Safunsa anadya phula.

Mtsikana uja analandira malipiro ake onse. Adona anafunsa kuti njerezayo angaipewe bwanji, ndipo anauzidwa kuti azithira madzi osefa ndi kutsuka makina ndi asidi wa mandimu miyezi ingapo iliyonse. Amalume anawapatsa ya chapa ndi kakapu ka khofi. Atalawa anakwinya nkhope, napempha shuga masipuni atatu.